Sola ya perovskite yatsalira pa kapakidwe

Chaka sichitha osamva kuti kwinakwake, kaya ku Korea, ku China kapena ku Germany, akatswiri apanga selo ya sola ya perovskite, mankhwala atsopano osandutsa kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi, yoposa zonse zam'mbuyomu. Manambala ake ndi ochititsa kaso ndithu. Mu 2009 gulu la Tsutomu Miyasaka ku Japan linapanga selo yoyamba ya mtunduwu. Pa kuwala konse kwa dzuwa kofika pa seloyo, 3.8 peresenti yokha ndi imene inkasanduka magetsi, ndipo seloyo inkawonongeka pakangopita mphindi zowerengeka. Pofika mu 2012 magulu a Henry Snaith ku Oxford ndi Nam-Gyu Park ku Korea anali atafika cha m'ma 10 peresenti. Lero maselo abwino apitirira 26 peresenti, kutsala pang'ono kufanana ndi silikoni ya m'mapanelo wamba, imene anthu akhala akuikonza kuyambira mu 1954. Perovskite akaiyala pamwamba pa silikoni kuti ziwirizo zigawane kuwala, kampani ya LONGi ya ku China yapitirira 34 peresenti, pamene silikoni payokha, ngakhale mutaikonza chotani, singadutse 29.4 peresenti.

Ndiye bwanji chinthu chotamandidwa chonchi sitikuchiona pamadenga kapena m'minda ikuluikulu ya sola? Ambiri amayankha kuti perovskite sichedwa kuwonongeka, ndipo sakunama. Koma yankho limeneli limaima pakati pa njira. Ine ndikuona kuti gwero la vuto, ngakhale la kusakhalitsa komweko, lili pa mmene perovskite imayalidwira pagalasi. Ndalama zambiri za kafukufuku, ulemu wambiri ndi masamba apatsogolo a magazini a sayansi zapita kwa amene akuwonjezera kachigawo ka peresenti pa kaselo kakang'onong'ono. Amene akuphunzira kupaka galasi lalikulu mofanana lero, mawa ndi mkuja sakumveka kwenikweni, chonsecho ndi amene agwira pamene nkhani yagona.

Perovskite ya m'maselo a sola si mwala wokumba pansi. Amachita kuipanga posakaniza michere: wina wa mtovu ndi ayodini, wina wa methylammonium, formamidinium kapena cesium. Micherewo amaisungunula m'mankhwala amadzimadzi n'kukhala inki yachikasu. Inkiyo ikapakidwa pagalasi n'kuuma, imasanduka kakhungu kakuda ka timakirisitalo tolumikizana, ndipo kakhungu kameneka ndi kamene kamamwa kuwala. Kupyapyala kwake n'kosaneneka. Mutagawa milimita imodzi m'zigawo 2,000, chigawo chimodzi ndiko kuchindikala kwake. Silikoni ya m'mapanelo amene timawadziwa ndi yochindikala kuwirikiza ka 300 kapena cha pomwepo, ndipo popanga amaisungunula pa moto wopitirira madigiri 1,400. Perovskite imangofuna kutenthetsedwa pa madigiri 100 mpaka 150 basi. Chiyembekezo chonse choti magetsi a dzuwa angadzatsike mtengo chachokera pamenepa: zipangizo zochepa, moto wochepa, ndi makina osasiyana kwambiri ndi osindikizira.

Kupyapyala komweko ndiye msampha. Selo ndi zigawo zingapo zosanjikizana, perovskite ili pakati. Kabowo kamodzi kosaoneka ndi maso kamachititsa kuti chigawo chapamwamba chikhudzane ndi chapansi, magetsi n'kumathawira pamenepo. Pamene kakhungu kachindikala pang'ono, kapena pamene timakirisitalo takula mosiyana ndi tinzake, pamatulutsa magetsi ochepa, ndipo popeza maselo a m'panelo amalumikizidwa mondondozana, selo imodzi yofooka imakokera pansi zinzake zonse. Amene anaonapo mayi akuzira khonde akudziwa kuti dothi labwino palokha silikwanira. Likalimba siliyenda, likachuluka madzi limasiya mabala, likauma msanga limang'aluka, ndipo kuzira kachigamba kamodzi ndi kuzira nyumba yonse ndi ntchito ziwiri zosiyana. Perovskite ndi chimodzimodzi, kungoti mng'alu wake umaoneka ndi makina okulitsa zinthu okha.

Onani mmene maselo ambiri otchukawa amapangidwira. Wofufuza amapisa manja m'magolovesi akuda omatidwa ku bokosi lagalasi lodzaza ndi nayitirojeni, mmene mulibe chinyontho kapena okosijeni. M'bokosimo muli kamakina kokhala ndi kambale kozungulira. Amaikapo kagalasi ka masentimita awiri kapena awiri ndi theka mbali zonse, n'kudonthezera inki pakati pake, n'kuyatsa. Kambale kamayamba pang'onopang'ono, kenako kamathamanga mpaka kuzungulira ka 4,000 kapena 5,000 pa mphindi, inki n'kumwazikira m'mbali, kutsala yochepa yomata pagalasi. Apo n'kuti maso a wofufuza ali pa wotchi, dzanja litagwira kachubu kodzaza ndi mankhwala ena, chlorobenzene kapena toluene. Kukatsala masekondi owerengeka kuti makina aime, amathira mankhwalawo kamodzin'kamodzi pakati pa galasi likuzungulirabe. Mankhwalawa amakokolola madzi osungunulira aja, perovskite n'kugwirana nthawi yomweyo. Akaika kagalasiko pa chitsulo chotentha, kamada bii n'kumanyezimira. Koma akachedwa kuthira ndi masekondi awiri atatu, kapena dzanja likanjenjemera, kakhungu kamatuluka kotuwa, kokhakhala, ndipo kagalasi kameneko kapita kotaya.

Njira imeneyi, imene amaitcha spin coating, ili ndi ulemu wake ndipo sindikunena kuti aitaye. Kathiridwe ka mankhwala achiwiri aja kanatchuka mu 2014 kuchokera ku gulu la Sang Il Seok la ku bungwe la kafukufuku la KRICT, ku Korea, ndipo kanadutsitsa maselo pa 16 peresenti. Chaka cham'mbuyo mwake gulu la Michael Grätzel ku Lausanne linali litaonetsa kapangidwe ka magawo awiri, koyamba kuyala mchere wa mtovu kenako kuviika galasilo mu mchere winawo. Popanda njira zachangu zotere sitikanadziwa msanga kuti perovskite ili ndi mphamvu zotani. Kamakinako n'kotchipa, labu iliyonse ingakagule, ndipo wophunzira mmodzi angathe kuyesa mitundu yambiri ya inki tsiku limodzi.

Chimene ndikukana ndi kuganiza kuti zotuluka pa kambale kaja zikutiuza za panelo. Inki yopitirira 90 peresenti imathera m'mbali mwa makina. Galasi lotalika mamita awiri simungalizungulitse ka 5,000 pa mphindi, ndipo ngakhale mutatero, pakati ndi m'mphepete sipangafanane. Komanso pa kagalasi kakang'ono kaja, malo amene amayezapo nambala yolengeza ija nthawi zambiri sakwana 0.1 ya sikweya sentimita, ndiko kuti mamilimita atatu uku, atatu uku. Panelo wamba ya masiku ano ili ndi masikweya sentimita pafupifupi 20,000. Malo owirikiza ka 200,000 ayenera kutuluka ofanana, opanda kabowo, ndipo azituluka choncho ola lililonse, chaka chonse.

Chondiwawa kwambiri ndi ichi. Inki imene yakonzedwa kuti iume m'masekondi 30 pa liwiro lija imachita zina ikafika pa makina a m'fakitale, kumene imauma mwanjira yosiyana kotheratu. Zaka zoposa khumi za kusakaniza ndi kuyesa zathera pa kukometsa inki ya njira imene sidzalowa m'fakitale. Ngakhale pakati pa malabu okhaokha, awiri otsatira malangizo amodzimodzi amapeza zosiyana, chifukwa dzanja la munthu, kutentha kwa m'bokosi ndi nthunzi ya mankhwala yotsalira mmenemo zonse zimalowerera. Aliyense wa m'ntchitoyi amazidziwa zimenezi, koma sizilembedwa kawirikawiri.

Chimene chimachitika inki ikamauma si chovuta kumva. Madzi osungunulira akamachoka pang'onopang'ono, timakirisitalo timayambira m'malo ochepa n'kumakula tataliatali tosongoka, kusiya mipata pakati. Akachoka mwadzidzidzi, timakirisitalo timayamba tambirimbiri nthawi imodzi paliponse, n'kukula mpaka kukumana, mpata osatsala. Chofunika n'chakuti kuyamba kukhale kwa msangamsanga, kukula kukhale kodekha. Mankhwala achiwiri othira pakati pa kambale aja ntchito yake ndi imeneyi basi. Funso la fakitale ndi lakuti zomwezo zingachitike bwanji pa galasi lalikulu popanda kuthira malita ndi malita a chlorobenzene.

Yankho lapafupi ndi njira ya mpeni, blade coating: chitsulo chowongoka chimayenda pamwamba pa galasi, chitasiya kampata kochepa kwambiri, chikukankha inki kutsogolo. Mafakitale amakonda slot-die coating, imene ndi yofanana nayo koma yolongosoka. Inki imapopedwa kuchokera mu thanki n'kutulukira pa kamng'alu kakatali ka mutu wachitsulo, galasi likudutsa pansi pake. Pakati pa mutu ndi galasi pamalendewera kamzere ka inki m'lifupi lonse, ndipo kamzereko kakangogwedezeka kapena kuduka, pagalasi pamatsala mizeremizere. Kuchindikala kwa kakhungu kumadalira liwiro la galasi ndi kuchuluka kwa inki yopopedwa, zinthu zimene makina amazisunga bwino kuposa dzanja, ndipo inki yotayika ndi yochepa kwambiri. Kumbuyo kwa mutuwo kumatsatira chitoliro chouzira nayitirojeni mwamphamvu kuti inki iume pompo. Ena m'malo mouzira amalowetsa galasi lonyowalo m'chipinda n'kupopa mpweya wonse mwadzidzidzi, madzi osungunulira n'kuthawa okha. Gulu la Grätzel linaonetsa zimenezi mu 2016 pa selo yopitirira sikweya sentimita imodzi, ndipo inafika cha m'ma 20 peresenti.

Ntchito imene ndimaiona kuti ndi yoyenera kuomberedwa m'manja ndi ya mtundu umene gulu la Jinsong Huang, amene ali ku University of North Carolina, lakhala likuchita. Mu 2018 linaonetsa kuti kuthira mu inki kachigawo kochepetsetsa ka mankhwala a mtundu wa lecithin, omwewa opezeka mu soya ndi m'dzira, kumathandiza inki kuyenderera bwino ndi kuuma mofanana ngakhale mpeni ukuyenda mothamanga. Mu 2021 gulu lomwelo linasenda kakhungu ka perovskite n'kuyang'ana kunsi kwake, kumene palibe amene ankayang'anako kwenikweni. Linapeza mphako. Madzi osungunulira otchedwa DMSO, amene pafupifupi aliyense amawathira mu inki, amatsekeredwa pansi kakhungu kakayamba kuuma kuchokera pamwamba. Akamadzatuluka pambuyo pake amasiya mphako, ndipo m'mphako zimenezo ndi mmene kuwonongeka kumayambira selo ikakhala pa kuwala. Atachepetsa DMSO n'kuikamo mankhwala ena osasanduka nthunzi, mphako zinatha, maselo n'kukhalitsa.

Apa mwaona chifukwa chake ndikukana kulekanitsa kusakhalitsa ndi kapakidwe. Chinyontho ndi okosijeni zimalowera m'malire a timakirisitalo. Ayodini amayendayenda m'malire momwemo selo ikatentha. Perovskite ya formamidinium, imene ili m'maselo ambiri abwino, ili ndi maonekedwe awiri, akuda amene amatulutsa magetsi ndi achikasu amene ndi achabechabe, ndipo ikagwirana molakwika pouma sichedwa kubwerera ku chikasu. Munthu akati vuto la perovskite ndi kusakhalitsa, mbali yaikulu ya zimene akunena zinachitika m'masekondi ochepa pamene inki inkauma.

Palinso njira yosafuna inki n'komwe. Mu 2013 Mingzhen Liu, Michael Johnston ndi Henry Snaith ku Oxford anatenthetsa michere iwiri ija, uliwonse m'kambiya kake, m'chipinda chopopedwa mpweya wonse. Nthunzi ziwirizo zinakakumana pa galasi n'kupanga kakhungu kosalala kwambiri, selo n'kupitirira 15 peresenti. Palibe madzi osungunulira, palibe kuuma, ndipo nthunzi imatsata mmene malo alili, kaya ndi osalala kaya ndi okumbikakumbika. Mafakitale njira imeneyi amaidziwa kale. Masikirini a OLED a m'mafoni amapangidwa ndi nthunzi, ndipo kampani ya First Solar ya ku America imayala cadmium telluride pa mapanelo ake kuchokera ku nthunzi. Zovuta zake zilipo. Makina ndi odula kwambiri, kuyala kumachedwa, ndipo mchere wa methylammonium sumvera: m'malo molunjika pagalasi umafalikira chipinda chonse, n'kukhala kovuta kuyeza kuchuluka kwake. Malabu ambiri sangakwanitse kugula makina otere, motero zolembedwa za njira ya nthunzi ndi zochepa poyerekeza ndi za inki. Kuchepa kumeneku ena amakutenga ngati umboni woti njirayo ndi yoperewera. Ine ndikuona kuti ndi umboni wa mtengo wa makina basi.

Kufunika kwa nthunzi kumaonekera bwino pa maselo osanjikiza perovskite ndi silikoni, amene amawatcha tandem. Silikoni ya m'fakitale si yosalala. Amaidyetsa dala mankhwala kuti pamwamba pake pakhale timapiri tosongoka tosawerengeka, kuti kuwala kukagunda kusabwerere kumwamba. Timapiri timeneti ndi tatali kuposa kuchindikala kwa kakhungu ka perovskite. Mukathirapo inki imatsikira m'zigwa, nsonga n'kutsala pamtunda zosaphimbika, magetsi n'kumathawira m'nsongamo. Ambiri analizemba vutoli posalaza silikoniyo kapena kufupikitsa timapiri, zimene zimafuna kusintha kapangidwe ka silikoni. Mu 2018 akatswiri a mabungwe a kafukufuku a EPFL ndi CSEM ku Neuchâtel, ku Switzerland, anayamba ayala mchere wa mtovu ndi wa cesium ndi nthunzi, imene inatsata timapiri ndi zigwa zomwe, kenako n'kuwonjezera mchere winawo uli wamadzi. Anapeza 25.2 peresenti pa silikoni yosasalaza. Njira yosakaniza imeneyi ndi imene ndikuiikira kumbuyo pa tandem, pa chifukwa chimodzi chokha: palibe amene adzagwetse mafakitale a silikoni amene alipo kale kuti asangalatse perovskite. Mlendo ndi perovskite, ndiye ndi imene iyenera kuzolowera pakhomopo.

Tisaiwalenso kuti perovskite si chigawo chokhacho chofuna kuyalidwa. Mu 2020 labu ya Helmholtz-Zentrum Berlin ya ku Germany, mogwirizana ndi yunivesite ya ku Kaunas ku Lithuania, inafika pa 29.15 peresenti pa tandem pogwiritsa ntchito chigawo chapansi chochindikala molekyulu imodzi yokha. Nzeru yake ndi yogometsa. Koma kuyala molekyulu imodzi mofanana pa galasi la mamita awiri ndi mutu wina, ndipo ena mwa mankhwala amenewa amakana inki ya perovskite, inkiyo n'kumasonkhana timadontho m'malo moyenderera.

Nambala imene ine ndimaikhulupirira kwambiri pa nkhani yonseyi ndi yaing'ono. Mu 2024 bungwe la CSIRO la ku Australia ndi anzake analengeza maselo osindikizidwa pa mpukutu wa pulasitiki kuyambira chigawo choyamba mpaka chomaliza, mpukutu ukutambasuka mbali ina n'kumakulungika mbali inayo, m'chipinda wamba chokhala ndi mpweya wa masiku onse. Ngakhale chigawo chotengera magetsi, chimene m'malabu amachipanga ndi golide, anachisindikiza ndi inki ya kaboni. Maselo ang'onoang'ono anafika pa 15.5 peresenti, timapanelo ta masikweya sentimita pafupifupi 50 tinafika pa 11 peresenti. Poyerekeza ndi 26, nambala ya 11 ikuoneka yochititsa manyazi. Koma inatuluka m'makina amene angathe kukulitsidwa, popanda bokosi la magolovesi, popanda dzanja loyang'ana wotchi. Ndipo kutsika kuchoka pa 15.5 kufika pa 11 kukutiuza mosabisa kukula kwa ntchito yotsala. Aliyense wokweza 11 ameneyu kufika pa 15 wachita chachikulu kuposa wokweza 26.1 kufika pa 26.4.

Pali amene angandiyankhe kuti ndikudandaula pachabe, popeza makampani ayamba kale kuthana ndi zimenezi, ndipo mayunivesite ntchito yawo ndi kupeza zatsopano. Mbali ina akunena zoona. Saule Technologies inatsegula fakitale ku Wrocław, ku Poland, mu 2021, yosindikizira perovskite pa pulasitiki ndi makina opopera timadontho ta inki. Oxford PV, imene fakitale yake ili ku Brandenburg an der Havel ku Germany, inalengeza mu September 2024 kuti yatumiza mapanelo ake oyamba a tandem kwa wogula wa ku America, ofika pa 24.5 peresenti. Ku Japan, Sekisui Chemical ikupanga perovskite yopindika pa mipukutu ndipo inaiyala pa denga la pokwerera mabasi ku chionetsero cha Osaka cha 2025. Boma la Japan likufuna magigawati 20 a perovskite pofika 2040, mwa zina chifukwa dzikolo ndi lachiwiri kwa Chile pa kutulutsa ayodini. Ku China makampani monga UtmoLight, GCL ndi Microquanta akupanga mapanelo aakulu ndithu.

Koma kampani ikapeza chinsinsi cha kaumitsidwe ka inki imachitsekera m'kabati, ndipo sitingaiimbe mlandu. Chotsatira chake n'chakuti cholakwika chimodzimodzi chimabwerezedwa m'makampani khumi, aliyense payekha, pamene nzeru zopezeka kwa aliyense zili za kambale kozungulira. Achinyamata otuluka m'mayunivesite amapita kukalembedwa ntchito m'mafakitale amenewa asanagwirepo mutu wa slot-die. Ndipo nthawi siikudikira. Mu 2024 mapanelo a silikoni anatsika mpaka cha m'ma masenti 10 a dola pa wati imodzi, ndi lonjezo la zaka 25. Kutchipa kwa michere ya perovskite pakokha sikungapambane mtengo umenewu, chifukwa galasi, zokutira, mawaya ndi antchito zimadya ndalama zomwezo kaya mkati muli silikoni kaya perovskite. Chimene chidzagamule mtengo ndi chakuti pa mapanelo 100 otuluka m'makina, angati akhoza, angati apita kotaya. Funso limeneli ndi la kapakidwe.

Nkhani ya madzi osungunulira nayo yanyalanyazidwa nthawi yaitali. Inki zambiri zotchuka zimadalira DMF, mankhwala oipa ku chiwindi ndi kwa mwana wosabadwa. M'bokosi la magolovesi ndi timadontho chabe. M'fakitale ndi migolo, ndipo yonse iyenera kusanduka nthunzi kuti kakhungu kaume. Mayiko a European Union anakhwimitsa malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka DMF kuyambira mu December 2023. Ena mwa mankhwala ouma msanga amene akuyesedwa m'malo mwake, monga 2-methoxyethanol, nawonso si abwino m'thupi. Inki iyenera kusankhidwa poganizira wantchito amene adzaima pafupi nayo tsiku lonse, ndipo kusankha kumeneko kuchitike pachiyambi, inkiyo isanakometsedwe zaka zisanu n'kudzapezeka kuti lamulo silikuilola. Apanso njira ya nthunzi ili ndi mwayi umene suwerengeredwa mokwanira.

Chimene ndingapemphe kwa akonzi a magazini a sayansi ndi kwa opereka ndalama za kafukufuku si chachikulu. Mu 2020 akatswiri ambiri anagwirizana pa malamulo a ISOS a mmene kukhalitsa kwa maselo a perovskite kuziyezedwera ndi kulembedwera, ndipo zinathandiza kuti anthu asiye kuyerekeza zinthu zosayerekezeka. Mgwirizano wotere ukufunika pa kapakidwe. Wolengeza nambala anene kukula kwa malo amene wayeza, njira imene wayalira chigawo chilichonse, maselo angati anapanga ndi angati anafa. Selo imodzi yabwino pa makumi asanu si chimodzimodzi ndi maselo makumi anayi abwino pa makumi asanu, ngakhale nambala yapamwamba itafanana. Ndipo labu yopempha ndalama zoyesera inki yatsopano iuzidwe kuti iyeserenso pa mpeni kapena pa slot-die isananene kuti yapambana. Mpeni wa blade coating si wodula.

Kwathu kuno sitidzayala perovskite posachedwa. Tidzakhala ogula, monga tinagulira silikoni imene ili pa munda wa sola wa mamegawati 60 ku Salima, wotsegulidwa mu 2021, ndi wa mamegawati 20 ku Golomoti. N'chifukwa chake nkhani ya m'malabu akutaliyi ikutikhudza. Panelo yokhala pamwamba pa malata mu October ku Chikwawa kapena ku Nsanje imatentha kupitirira madigiri 60, dzuwa likuiomba. Kutentha ndi kuwala zikabwera pamodzi ndi pamene perovskite imavutika kwambiri, ndipo mphako ndi timabowo totsala pouma paja ndi pamene kuvutikako kumayambira. Mayeso a IEC 61215 amene mapanelo amadutsamo, monga kukhala maola 1,000 pa madigiri 85 ndi chinyontho cha 85 peresenti, anakonzedwa poganizira mapanelo akale, ndipo mayeso a chinyonthowa amachitikira mu mdima. Chidindo chimenecho pachokha sichikutiuza mmene perovskite idzakhalire m'chigwa cha Shire pakatha zaka zisanu.

Palinso mtovu. Ndi wochepa, sukwana galamu imodzi pa sikweya mita, pamene batire ya galimoto ili ndi makilogalamu angapo. Koma mtovu wa mu perovskite uli mu mchere wosavuta kusungunuka m'madzi, ndipo panelo ikasweka mvula ingautsukire m'nthaka. Abale athu a ku Kabwe, ku Zambia, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma ana akupezekabe ndi mtovu m'magazi, safuna kuuzidwa kuti mtovu umachita chiyani. Nkhawa yanga ndi yakuti fakitale imene kapakidwe kake sikanakhwime imatulutsa mapanelo ambiri olephera pang'ono, ndipo katundu wotere amafunafuna msika kumene kulibe woyeza. Bungwe loona za miyezo la MBS, loona za magetsi la MERA ndi anzawo a ku Zambia ndi ku Mozambique ali ndi zaka zingapo zokonzekera. Mapanelo oyamba a perovskite akadzafika pa malire, wobweretsa aonetse zotsatira za mapanelo aakulu enieni amene akhala panja m'dziko lotentha kwa zaka zingapo, aonetse mmene anamatidwira kuti madzi asalowe, ndipo alembe dzina la amene adzawatolere akadzatha ntchito.